Tailosi Imodzi Yopanda Guluu

Pa Mangochi ponse panalibe munthu wodziwa kuyala matailosi kuposa Gaspar, ndipo panalibenso mmisiri wosauka kuposa iye. Makolo ake anathawa nkhondo ku Mozambique n'kudzakhazikika cha ku Namwera. Iye anatsikira ku boma, naphunzira ntchitoyi m'maloji a ku Nkopola. Akakoka chingwe n'kuika levulo, mzere unkachoka pakhomo mpaka kubafa osapotoka ngakhale pang'ono. Koma akaweruka, ali mbuu ndi fumbi la girayinda, ankabwerera m'kanyumba ka lendi kwa Mponda, momwe mkazi wake Lusia ankazira pansi ndi dothi Loweruka lililonse.

Chinkamusaukitsa Gaspar ndi pakamwa pake. Munthu akasankha matailosi onyezimira kuti aike m'bafa, iye ankakana, amvekere amenewo akanyowa amaterera, mudzathyoka msana, tengani okhakhala. Wina akagula a seramiki opyapyala kuti ayale pakhonde podutsa aliyense, ankamuuza kuti amenewo ndi a pakhoma, pansi pamafunika a posileni olimba, osamwa madzi, ndipo amenewo sagwira ndi simenti wamba koma guluu. Akatha kuyala ankakwawa ndi kahamala ka labala, kugogoda tailosi iliyonse. Ikalira ngati ng'oma ankadziwa kuti pansi pali mphako, ndiye ankaizula n'kuyambiranso. Eni nyumba ankatopa naye. Ankati amachedwa, komanso amalankhula ngati nyumbayo ndi yake.

Ntchito zonse zinkapita kwa Fletcher, munthu amene anaphunzira kugwira tailosi m'manja mwa Gaspar yemweyo. Fletcher ankangopaka guluu mwachisawawa, n'kumata, n'kuthamangira kwina. Pakatha miyezi ingapo matailosi ake ankatukumuka n'kusweka, koma anthu osasiya kumuitana, mpaka anagula pikapu. Tsiku lina anamupeza Gaspar pamlatho akukankha njinga yophulika tayala dzuwa lili pamutu. Anaimba hutala, natsitsa galasi, namufunsa ngati angafune ganyu yosakaniza guluu. Gaspar anapitiriza kukankha njinga yake, koma mtima unamuwawa kwambiri moti tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Panali mbiri ya sing'anga wina kuseri kwa mapiri a ku Katuli amene ankati amakhwimitsa anthu a bizinesi. Gaspar anamunamiza Lusia kuti akupita kukaona abale, nakwera matola m'mamawa. Anamupeza mkuluyo atakhala pansi pa mtengo akusoka nsapato yakutha. Sanayang'ane nkhope ya mlendo wake. Maso ake anali pa mapazi.

"Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimayala matailosi, bambo."

"Ndiye kuti anthu amayenda pa ntchito ya manja anu. Inu simuvutika, chizimba mwabwera nacho kale."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi kachitini ka ufa wakuda wonunkha ngati nsomba yovunda. Analankhula motsitsa mawu, uku akupitiriza kusoka.

"Nyumba iliyonse imene muziyala, muzisiya tailosi imodzi yopanda guluu pakati pake, pakhale kamphako. Muzithiramo ufawu pang'ono. Ikhale podutsa anthu, osati kuseri kwa kabati. Phazi loyamba kuponda pamenepo lopanda nsapato ndi langa."

"Mukati ndi lanu, mukutanthauza chiyani?"

"Mwabwerera galimoto kapena mwabwerera tanthauzo?"

Gaspar analandira kachitini kaja. Kenako anafunsa za nyumba yake, ngati tsiku lina atadzamanga.

"Ndati iliyonse," anatero mkuluyo, akumwetulira. "Mukadzadumpha imodzi, phazi limene ndidzatenge ndi lanu."

Nazi zochititsa manyazi. Pobwerera, chimene chinkamusautsa Gaspar sichinali moyo wa eni mapaziwo. Chinkamuwawa n'choti iye, mmisiri wa ndemanga zambiri uja, azisiya dala tailosi yolira.

Ntchito yoyamba inali ya mayi Benedicta, mphunzitsi wopuma amene anamanga kanyumba kake ndi thukuta la zaka makumi atatu. Anasankha matailosi amtundu wa mchenga, ndipo ankamubweretsera Gaspar tiyi ndi chinangwa m'mawa uliwonse. Gaspar anamwa tiyiyo, nasiya mphako pakhomo la khitchini. Sabata yomweyo foni yake inayamba kulira osapuma. Loji ina ya ku Nkopola inamuitana, mwini maboti wina anamuitana, anthu amene kale ankati amachedwa anayamba kumudikira pamzere.

Patatha mwezi mayi Benedicta anayamba kudandaula kuti mapazi akuzizira. Unali mwezi wa Okutobala, pamene pa Mangochi ngakhale mphepo imawotcha, koma iwo ankavala masokosi awiriawiri. Kuzizirako kunakwera m'miyendo, miyendo inauma, achipatala anapima izi ndi izo osapeza kanthu. Kutafika pachifuwa, mayiwo anatsamira mkono. Gaspar anapita kumaliro, nakhala pa matailosi ake omwe, nadziuza kuti mwina anali matenda a shuga.

Wachiwiri anali mayi wokolopa ku loji ija. Wachitatu anali mkazi wa mwini maboti, amene anali atangolowa kumene m'banja. Apa Gaspar analeka kudzinamiza, koma sanaleke kuyala. Anangosiya kupita kumaliro. Anasiyanso kuyang'ana mapazi a anthu, ndipo iye mwini ankavala majombo paliponse, ngakhale pokacheza. Nthawi zina ali chikhalire ankamva kugogoda m'makutu, go, go, go, kenako kulira kwa mphako kuja, ndiye ankakweza wailesi.

Chuma ndiye chinabwera. Anatsegula sitolo ya matailosi pa boma, nagula malole awiri, nalemba magulu atatu a amisiri. Fletcher anabwera atanyamula chipewa m'manja kudzapempha ntchito, ndipo Gaspar anamupatsa yosakaniza guluu. Ufa wa m'kachitini sunkatha. Poti sakanatha kupezeka pa nyumba iliyonse, anamupatsako ufa wina kapitawo wake, che Swadick, bambo wachikulire wopemphera amene sankadziwa kunama. Anamuuza kuti ufawo ndi mankhwala a chiswe ochokera ku Mozambique, ndipo kamphakoko n'kothandiza kuti pansi pazipuma nthawi yotentha, matailosi asatukumuke. Che Swadick anakhulupirira. Akanatsutsa bwanji mmisiri wamkulu wa boma lonse?

Gaspar anamanga nyumba yaikulu kwa Mponda, ya zipinda zisanu, mawindo ake agalasi lakuda. Koma pansi anangoika simenti, nagula chitini cha polishi wofiira. Lusia anadikira mwezi, anadikira chaka. Anali atasiya kuzira dothi, tsopano ankagwada kupukuta simenti, maondo akuda bii. Amayi a kumphakati akabwera kudzapemphera ankayang'ana pansi n'kutsinana. Wina anachita kumufunsa ngati matailosi a m'sitolo muja amaletsedwa kulowa m'nyumba ya eni ake.

"Amuna anga, ndinakulakwirani chiyani?" anafunsa Lusia tsiku lina. "Zimbudzi za anthu zikunyezimira ndi manja anu. Ine ndiye wosayenera?"

Gaspar anati matailosi amazizira, amayambitsa nyamakazi. Tsiku lina anati akudikira mtundu wabwino wochokera kunja. Tsiku linanso anangokalipa kuti nyumbayo ndi yake, nkhaniyo asaimvenso. Lusia mumtima anaganiza kuti mwamuna wake wangozolowera umphawi, ndipo akadzaona kukongola kwake adzasekerera yekha.

Mwayi unapezeka pamene Gaspar anapita ku Makokola kukayang'anira ntchito yaikulu ya masabata awiri. Lusia anaitana che Swadick, nawauza kuti akufuna kuwadzidzimutsa abwana awo. Analowa yekha m'sitolo kukasankha. Zaka zonse zija ankamvetsera mwamuna wake akudandaula za makasitomala osamva, ndiye sanalakwitse kanthu. Pabalaza anatenga a posileni akuluakulu oyera, m'bafa ndi pakhonde okhakhala, pakhoma la khitchini a seramiki. Anaonetsetsa kuti makatoni onse ndi a mtundu umodzi kuti pasakhale ena otuwirako. Che Swadick ndi anthu awo anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse, popeza inali nyumba ya abwana.

Gaspar anafika Lachisanu masana. Chimene anayamba kuona ndi nsapato zitandandalikidwa panja pa khomo, za alendo, za amisiri, ndi mapatapata a mkazi wake. Atakweza maso anaona khonde likuwala. Lusia anatuluka akuseka, atavala chitenje chatsopano, kumapazi kulibe kanthu.

"Vulani majombo anuwo," anatero. "Muno simulowanso nsapato."

Che Swadick anabwera kumbuyo kwake akupukuta manja. Anafotokoza monyadira kuti mizere yonse anaiyeza kawiri, ndipo palibe chimene anaiwala.

"Mankhwala a chiswe aja ndathira ochulukirapo, bwana. Ndaika pakhomo la chipinda chanu chogona, kuti inu ndi mayi muzikhala otetezeka."

Gaspar anayang'ana mapazi a mkazi wake. Anafunsa kuti ndani anayamba kulowa guluu atauma.

"Ndine, nanga n'kukhala ndani?" anayankha Lusia. "Ndinawaletsa onse. Ndadikira zaka zingati kuti ndiponde tailosi m'nyumba mwanga? Ndinayenda chipinda chilichonse ndekha."

Gaspar analowa ndi majombo ake omwewo, natenga hamala m'bokosi la zida. Anagogoda pakhomo la chipinda, tailosi inalira. Anaiswa kuti akokolole ufa uja ndi zala, koma m'kamphakomo munali mutauma gwa, mulibe ngakhale fungo. Anaswa yoyandikana nayo, anaswa inanso, mpaka che Swadick anamugwira mikono. Lusia ankangolira, osamvetsa kuti mphatso yake yalakwika pati.

Tsiku lomwelo anathamangitsa galimoto mpaka ku Katuli. Anamupeza mkulu uja pansi pa mtengo womwewo, nsapato ili m'manja. Anagwada, nalonjeza sitolo, malole, nyumba, chilichonse. Anapempha kuti atenge phazi lake m'malo mwa la mkazi wake.

"Lanu ndilitani? Lakhala m'jombo zaka zonsezi," anatero sing'angayo. "Aphunzitsi aja simunabwere kudzawapepesera. Wokolopa uja simunabwere. Lero mwadziwa njira chifukwa laponda ndi la kwanu? Pitani, ine sindibweza."

Sabata isanathe Lusia anapempha masokosi. Gaspar anamutengera ku chipatala cha boma, anamutengera ku Zomba, anamutengera ku Blantyre, koma kulikonse madokotala ankangopukusa mitu. Kuzizira kutafika m'chiuno, anagwada pambali pa bedi n'kuulula zonse, kuyambira pamlatho paja. Lusia anamvetsera osamudula. Atatha, anafunsa kuti nyumba zimene anayala kuyambira nthawi imeneyo zinali zingati. Gaspar sanadziwe chiwerengero chake, chifukwa anali atasiya kalekale kuzikumbukira.

"Ine ndinkazira dothi ndikuimba," anatero Lusia. "Munandimvapo ndikupempha galimoto? Ndinkangofuna pansi pabwino, poyala inuyo."

Anatembenukira kukhoma, ndipo sanamulankhulenso mpaka tsiku limene anamwalira.

Che Swadick atamva chimene manja awo ankathira m'nyumba za anthu, anadwala mwezi wathunthu. Atadzuka anayenda khomo ndi khomo kuuza eni ake, akulira. Anthu anazula matailosi a Gaspar n'kukawataya kudzala, ena anafuna kuwotcha sitolo. Amisiri anabalalika, malole anaima mpaka matayala anaphwa, nyumba ya mawindo akuda ija inasanduka mogona mileme.

Gaspar mutu unasokonekera maliro asanathe n'komwe. Lero mukafika pa Mangochi mudzaona bambo wa ndevu zotuwa akukwawa m'makonde a masitolo, kahamala ka labala kali m'manja. Amagogoda pansi n'kutchera khutu, n'kusuntha pang'ono, n'kugogodanso. Majombo anataya, mapazi ake ndi ong'ambikang'ambika. Akaona munthu wopanda nsapato amamugwira mwendo n'kumuchonderera kuti asaponde pamenepo, adikire ayambe waponda iye.

Abale anga, umphawi umawawa, ndipo kuona mnzako wosadziwa ntchito akukudutsa pa galimoto kumawawa koposa. Koma Gaspar anali ndi luso, dzina labwino ndi mkazi womukonda, ndipo dyera linamuchititsa kuziona ngati zachabe. Chuma cha zizimba amalipira ndi anthu, ndipo amene wavomera kuti alipire ndi a eni asaganize kuti a kwake adzasiyidwa. Gwirani ntchito yanu moona, mudye zochepa zimene manja anu apeza, kuti aliyense wolowa m'nyumba mwanu azivula nsapato popanda inu kugwidwa nthumanzi.