Ng'ombe za Kumanja Zokhazokha

Mvula yoyamba itagwa, Suwilanji ndi bambo ake, a Howard, analawirira kumunda, koma dzuwa linakwera popanda mzere woongoka ngakhale umodzi. Ng'ombe ziwiri zinkangokankhana pagoli, pulawo n'kumayenda mokhotakhota ngati munthu wochokera ku mowa.

Mudzi wawo, chakumwera kwa Edingeni, unali pamalire penipeni. Nyumba zina zinali ku Malawi, zina ku Zambia, ndipo minda ingapo akuluakulu ankatsutsanabe kuti ili mbali iti. Kwa zaka zambiri zimenezi sizinkadwalitsa munthu mutu. Alimi a mbali zonse anali m'bungwe limodzi. Feteleza ankagula pamodzi, chimanga n'kugulitsa pamodzi, ndipo mwini ng'ombe imodzi ankaiphatikiza ndi ya mnzake wa tsidya lina polima. Ya a Howard inkalima ndi ya alamu awo, a Kingstone, a mbali ya Zambia.

Chaka chimenecho a Howard, munthu wa pakamwa pokoma, anakopa a mbali ya Malawi kuti atuluke m'bungwemo. Ankati atsidya amalamulira kwambiri pamisonkhano. Kutulukako kunabala nkhani ina: ngati malonda tasiyana, mudzi ukhalirenji umodzi? Choncho Loweruka anthu ankayenera kuvota ngati mudzi ugawike pawiri, mbali iliyonse ndi mtsogoleri wake. Suwilanji zinkamupweteka mumtima, chifukwa kwa amalume akewo kunali ngati kwawo komwe.

"Adada, izi sizingalime limodzi," anatero mtsikanayo atagwira chingwe. "Yathuyi inazolowera kumanja, kuyenda mumzere momwe pulawo yadutsa kale. Ya a Honest imene mwabwerekayi nayonso ndi ya kumanja."

"Iwe, ng'ombe ndi ng'ombe. Kwapula basi!"

Suwilanji sanakwapule. Iye ndiye ankatsogolera ng'ombe chiyambire Sitandade 6, ndipo ankazidziwa kuposa mwini wake.

M'mawa mwake anabwereka ya a Bennet, koma zinali chimodzimodzi. Atabwera kusukulu, Suwilanji anazungulira makola onse a mbali yawo. Anabwerako akuseka yekha m'njira. Ng'ombe zonse zolima za kuno zinali za kumanja! Kalekale, pophunzitsa ng'ombe, ya kuno inkaikidwa kumanja, ya tsidya kumanzere, ndipo panalibe amene anaziganizirapo kawiri.

"Tiziphunzitsanso," anatero a Howard, koma mawu anatuluka ofooka. Ankadziwa kuti ntchito imeneyo ndi ya masabata, pamene chinyezi m'nthaka ndi cha masiku owerengeka.

Lachinayi m'mawa akulimbana ndi goli, anamva munthu akukalipa m'munda wa kutsidya. Anali a Kingstone, thukuta lili kamukamu, ng'ombe zawo ziwiri zikulimbirana kumanzere. Kenaka pulawo inadumpha, mkuluyo n'kukhala pansi m'matope.

A Howard anayesa kudzigwira, koma phwete linawapulumuka. Anaseka mpaka misozi, kenaka anayang'ana mizere yawo yomwe n'kusiya kuseka.

"Adada," anatero Suwilanji motsitsa mawu, "ndimasule?"

Bambowo anakanda m'mutu nthawi yaitali. "Masula. Koma ukanene kuti ndiwe waganiza."

Mtsikanayo anakoka ng'ombe yawo n'kuoloka nayo kanjira ka pamalire. Itangoona inzake yakale, inalira n'kukaima yokha kumanja kwa goli.

"Yewo chomene, mwana wane," anathokoza a Kingstone akusasa matope. Kenaka anakweza mawu: "Mulamu, mbwenu mungoima uko? Bwerani mugwire pulawo, ine msana watha!"

Tsiku limenelo analima munda wa a Kingstone, Lachisanu wa a Howard. Anthu ena ataona, nawonso anayamba kuoloka ndi ng'ombe zawo mwakachetechete, aliyense akunamizira kuti wangodutsa.

Loweruka anthu a mbali zonse anadzaza bwalo la tchalitchi. Mayi Philomena, amene ankatsogolera msonkhano, anaimirira.

"Amene akufuna kuti mudzi ugawike, akweze mkono."

Maso onse anapita kwa a Howard. Suwilanji nayenso anawayang'anitsitsa. Bambo ake anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana pansi, manja ali pamaondo.

"A Howard," anafunsa mayiwo, "si inu munayambitsa nkhaniyi?"

"Ndine ndithu, amama," anayankha. "Koma mundikhululukire. Sabata ino ndalima minda iwiri, mkonowu sukukwera."