Tindodo M'chipinda cha Yekha

"Waphonyanso! Tiyambirenso," anatero mkulu wojambula nyimbo, atagwira mutu.

Tindodo anangoona milomo ya mkuluyo ikugwedezeka kuseri kwa galasi. Thukuta linali kamukamu, ndipo ndodo zoimbira ng'oma zinkaterera m'manja.

Gulu lawo linayambira m'chipinda chogona kunyumba: iye pa ng'oma, mlongo wake wamkulu akuimba, mnzawo Wamtali pa gitala. Ankatseka zenera ndi matiresi kuopa anansi, n'kumasokosa mpaka makoma kunjenjemera, foni ikujambula pamwamba pa ndowa. Nyimbozo zinayenda m'mafoni a anthu mpaka kampani ina inawaitanira ku situdiyo yeniyeni.

Koma paja walira mvula walira matope. Phokoso la m'kachipinda kaja linali litamudya makutu Tindodo. Poyamba m'makutumo munkangolira ngati mwalowa udzudzu, kenaka mawu a anthu anayamba kuzilala. Sanauze munthu. Poimba ankayang'ana chidendene cha mlongo wake chikugunda pansi, n'kumatsatira chomwecho. Tsono kusitudiyoku aliyense anamuika m'chipinda chake, ndipo chidendene chija chinali kuseri kwa khoma.

"Aise, wagona ndi njala kapena?" Wamtali anaseka, atasuzumira pakhomo. Tindodo sanacheuke.

Mlongo wake analowa, n'kuima kumbuyo kwake. Anamuitana, anamuitananso mokweza, koma mnyamata anali phee. Atamugwira paphewa, anadzidzimuka mpaka ndodo kugwa. Mtsikanayo anamuyang'anitsitsa, misozi ili lengelenge.

Kuchipatala dokotala sanazungulire. "Mukanabwera pomwe makutu anayamba kulira, tikanapulumutsa zambiri. Zomwe zapitazi sizibwereranso."

Kampani nayo inalibe chisoni. Uthenga unafika pafoni ya mlongo wake asanatuluke n'komwe pageti: apeza woimba ng'oma wina, ayamba mawa. Anamuonetsa Tindodo kuti awerenge yekha. Mtima unamuwawa mnyamatayo kuposa mmene mawu a dokotala anamuwawira, poti gululo analiyambitsa ndi iye, akumenya zitini.

Anakhala pabenchi. Mlongo wake anamutembenuza nkhope kuti aziona milomo yake, n'kulankhula pang'onopang'ono.

"Iwe, bwanji sunandiuze nthawi yonseyi?"

"Ndinkaopa, achemwali. Ndinkati mukadziwa mundichotsa m'gulu."

Mtsikanayo anapukusa mutu. "Tikanachepetsa phokoso. Tikanakudikira uchire. Nanga lero ndikakudikira, udzamva chiyani?"

Tindodo anatsamira pafupi, akukwinya nkhope.

"Mwati bwanji, achemwali?"