Twente-seveni wa Chiyani?

Filomena anatseka labu mochedwa tsiku limenelo, dzuwa litalowa kale, koma mtima uli mbee. Makina oyezera shuga m'magazi amene anakhala akupempha kwa miyezi inayi anali atafika masana omwewo pachipatala chawo chaching'ono cha kufupi ndi Kamwendo, ndipo iye ankawagwira ngati khanda.

Oyamba kuyezedwa anali a Grey, dalaivala wa thiraki wodwala shuga, amene anakomoka pamsewu akuchokera kuboda. Makina anaonetsa 27. Filomena anakopera nambalayo m'kabokosi ka pafomu, kamene kanadindidwa kale kuti mmol/L, muyeso wa makina akale aja. Shuga wokwera chonchi amafuna insulini, nkhani yodziwika. Anapereka fomu kwa nesi Luwiza, n'kunyamula chikwama.

Akabaza anali ataweruka, choncho anadzera njira yachidule yodutsa kumanda. Sankaopa. Munthu woyang'ana magazi ndi makhololo tsiku lonse angaope mitengo? Ankayenda akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, akuganiza za mbatata imene anasiya pa mbaula m'mawa.

Atafika pamitengo ikuluikulu ya kumandako, anamva fungo la sipiriti wopukutira pobaya. Sipiriti kuthengo? Nyimbo inathera pakhosi. Nkhululu zinaleka kulira. Kumbuyo kwake kunamveka mapazi, lina lolemera, lina lokwekweseka.

Anaima. Mapazinso anaima.

Anacheuka... Bambo wachikulire! Khoti loyera, thumba lake lothimbirira ndi mankhwala ofiirira, pensulo kukhutu.

"Mwaweruka, mayi?" Mawu ake anali ofatsa ngati a munthu wofunsa njira.

"Eya, bambo."

"Twente-seveni wa chiyani?"

Filomena anakumbukira nambala ya pafomu ya a Grey. Fomu ija anaiona ndi anthu awiri okha.

"Nambala yopanda muyeso ndi munthu wopanda mfunda, simudziwa kwawo. Makina atsopanowo mwawafunsa? Amawerenga mamiligiramu. Gawani ndi eyitini."

Mutu wa Filomena unagwira ntchito yake. Anakumbukira timalemba ta pakona pa galasi la makina, timene chimwemwe chinamubisira: mg/dL. Twente-seveni kugawa ndi eyitini... wani poyinti faifi. Shuga wa a Grey sanakwere ayi. Watsika, watsala pang'ono kutheratu. Ndipo insulini imatsitsa shuga.

Anadzutsa maso. Panjira panalibe munthu. Mitengo yokha.

Anavula nsapato n'kuliyatsa liwiro lobwerera. Minga sanaimve. Mantha a mzukwa anali atachepa, aakulu anali a jakisoni.

Anapeza Luwiza ataima pambali pa bedi, jakisoni ali m'manja, dokotala atalamula kale pafoni.

"Asisi, musabaye! Ndalakwitsa ndine. Shuga ndi wotsika, apatseni gulukosi."

Luwiza anamuyang'ana kumapazi, n'kumuyang'ana kumaso, osafunsa zambiri. Anaimbiranso dokotala, n'kulowetsa gulukosi mumtsempha. Sipanathe mphindi khumi, a Grey anaphethira, n'kuyang'ana kudenga.

"Thiraki yanga ndaisiya pati?"

Azimayi awiriwo anaseka mpaka misozi. Filomena anakhala pansi penipeni, manyazi ndi chisangalalo zitamugwira pamodzi. Anatenga fomu ija, n'kukhwatcha 27, n'kulemba 1.5.

Ali pabenchi panja, akuzula minga, Luwiza anamubweretsera tiyi.

"Koma achemwali, munakumbukira bwanji muli kale panjira?"

Filomena anafotokoza zonse: khoti, pensulo, mwendo wokwekweseka, ndi mawu aja a mfunda. Luwiza anaika kapu yake pansi pang'onopang'ono. Sanaoneke wamantha. Anamwetulira ngati wamva za mbale wake wa kutali.

"Amenewo ndi a Joe Mbewe. Labu yanuyo anaigwira zaka makumi awiri, inu musanabwere. Fomu yopanda muyeso ankatibwezera nayo pakhomo, ife n'kumawanena kuti ndi ovuta."

"Ndiye akukhala kuti pano? Ndikawathokoze."

"Mwadutsa pakhomo pawo pomwe," anatero Luwiza. "Nawonso ankadwala shuga. Tsiku limene anakomoka, mu labu munali mlendo wongogwirizira, ndipo panalibe womufunsa kuti nambala yake ndi ya chiyani. Tinawaika m'manda amenewo chaka cha 2016."