Disiki ya Veronica m'Madzi a Chilwa

Elenala anakumana ndi Brighton tsiku limene kopaletivu ya alimi a mpunga, kufupi ndi sikimu ya Likangala, inkataya makompyuta ake akale. Elenala ndiye ankalemba mayina a alimi m'makinawo. Brighton anachita kuitanidwa kuchokera ku Songani, kumene anali ndi kashopu kokonza mafoni ndi makompyuta.

"Achimwene, mwangovutika," anatero Elenala. "Zonse ndinafufuta kale ndekha."

"Munafufuta, achemwali?"

Mnyamatayo anakhala pampando wa Elenala osapempha n'komwe. Anadinadina kanthawi, kenako pagalasi panatulukira mayina a alimi, manambala a ziphaso zawo, ndiponso chithunzi cha Elenala yemweyo atavala yunifolomu ya kwaya, kukamwa kuli yasa.

"Iii, chotsani msanga chimenecho," anatero Elenala, manyazi atamugwira.

"Mwaona? Kufufuta kwanuko n'kubisa chabe, zinthu zimatsala momwemo. Mukafuna kuti zitheretu, mumalemba zina pamwamba pake mpaka disiki yonse idzale. Apo ayi, mumaiphwanya."

Anamasula makompyutawo n'kutulutsa madisiki, tizitsulo tolemera ngati sopo wochapira, mmene mumasungidwa zonse. Kuseri kwa ofesi anawaboola, n'kuwasinja ndi hamala mpaka m'kati mwake munayamba kulira ngati magalasi osweka. Pochoka anali atatenga nambala ya Elenala.

Uthenga woyamba unafika iye asanakwere n'komwe kabaza: "Madisiki ndaphwanya onse, koma nkhope ya wakwaya uja ndapita nayo. Mundikhululukire."

Basi, Elenala anagwa m'chikondi. Nanga ndani sakanagwa? Brighton anali ndi pakamwa potsekemera, abale. M'mawa uliwonse foni inkalira: "Wadzuka bwanji kilombero wanga? Kuno ku Songani ndikumva kununkhira kwako." Masana: "Wadya, duwa langa? Ine chakudya chikundikana." Ndipo lonjezo lalikulu linabwera mpunga uli wobiriwira m'minda: "Mukangokolola, ndituma ankhoswe kwa amalume ako. Ndalumbira, wapamtima."

Mavuto anayamba Loweruka lina Elenala atapita kukacheza kushopu. Pofunafuna chaja m'dilowa, anapeza disiki yokulungidwa bwinobwino m'kampango koyera. Pamwamba pake panalembedwa kuti "Vero".

"Brighton, Vero ndi ndani?"

"Aaa, Veronica. Chibwenzi chakalekale. Anapita ku Joni, zinatha zimenezo. M'menemo muli zithunzi basi."

"Ngati zinatha, phwanya."

"Ndiphwanya, bebi. Usadandaule."

Ndiphwanya, ndiphwanya. Munthu amene anasinja madisiki a ofesi yonse masana amodzi, kadisiki kamodzi kanamukanika. Lero hamala wabwereka mnzake. Mawa magetsi azima, makina oboolera sakuyaka. Mkuja makasitomala achuluka. Elenala akati angofufuta iye akuona, Brighton ankaseka n'kumukumbutsa kuti kufufuta n'kubisa chabe. Akati alembe zina pamwamba, ankati zimatenga tsiku lathunthu. Zifukwa anali nazo zodzadza thumba.

Mpunga unacha, unamwetedwa, unapunthidwa, unalowa m'matumba. Elenala anafika potopa. Zinkamuwawa kwambiri kuti akupikisana ndi mkazi amene sanamuonepo, mkazi wokhala m'kachitsulo m'dilowa. Akakhala muofesi, foni ikalira ankaithamangira, koma akawerenga n'kupeza "kilombero wanga" yemweyo, ankangotsonya. Kodi munthu amadya mayina okoma?

Tsiku lina analemba mosanyengerera: "Kwa amalume sindikutengera disiki ija ili moyo. Sankha."

Yankho linachedwa. Litafika linali lotere: "Wapamtima, hamala ndi wa madisiki a muofesi. Izi ndi za moyo wanga wakale, ndikufuna ndizitsanzike mwaulemu. Tikaimize m'nyanja yakwanu, iwe ukuona ndi maso ako."

"Madzi amawonongadi?" anafunsa Elenala atakumana padoko la Kachulu.

"Madzi a Chilwa amcherewa? Sabata siitha, likhala dzimbiri lokhalokha."

Anabwereka bwato. Brighton, mwana wa kumtunda, anakhala pakati atagwira m'mbali ndi manja onse awiri, jumbo yakuda yomangamanga, mmene munali disiki ija, ili pamiyendo. Elenala ndiye ankakankha bwatolo ndi nsungwi, kutsata kanjira ka pakati pa udzu wa njedza kamene ankakadziwa kuyambira ali mwana. Atatulukira poyera, Brighton anayang'ana uku ndi uku.

"Ima apa," anatero, akuloza mtengo wozikidwa m'madzi umene unali ndi kansanza kofiira kumsonga.

Sanaponye. Anatsitsa jumboyo pang'onopang'ono patsinde pa mtengowo mpaka inamira. Kenako anagwira dzanja la Elenala.

"Kuyambira lero ndiwe wekha. Palibenso wina, m'mtima ngakhale m'dilowa."

Elenala analira ndi chimwemwe, bwato mpaka kupendama. Tsiku lomwelo anakagwada kwa amalume ake, a Makisoni, msodzi wa miono, n'kuwauza kuti kuli alendo ochokera ku Songani. A Makisoni anakondwa. Anauza abale, anapatula tambala, tsiku linapanganidwa.

Kutatsala pang'ono kuti tsikulo lifike, a Makisoni anatulukira kuofesi masana dzuwa likuswa mtengo, matope ali m'miyendo. M'manja anali ndi jumbo yakuda.

"Mphwanga, iwe wodziwa za makina, tandionera ichi. Ndachiponda patsinde pa mtengo wanga powonjola mono. Ine ndimati ndi zamankhwala, wina akufuna kundithawitsira matemba. Ndatsegula pang'ono, ndaona chitsulo."

Elenala anaiyang'anitsitsa. Jumbo imeneyo ankaidziwa.

Brighton ankayesa nyanja ndi ya aliyense ndipo ndi yakuya. Sankadziwa kuti pamalo amenewo madzi a Chilwa amalekeza m'chifuwa, ndiponso kuti mtengo uliwonse wozikidwa m'madzimo uli ndi mwiniwake amene amaupondaponda m'mawa uliwonse.

Elenala anamasula jumboyo. M'kati munali jumbo ina. M'kati mwa imeneyo munali kabokosi kapulasitiki kotengera chakudya, kokulungidwa ndi malegeni, chivindikiro chake chitamatidwa ndi phula kuzungulira. Atatsegula, anapeza disiki ija ili youma gwa, m'kampango kake komweko. Inali itakwiriridwa mumpunga wosaphika, woti uziyamwa chinyezi. Unali kilombero wa m'munda wa kwawo, umene Elenala anamunyamulira Brighton pamutu atangokolola.

Apa sipanali kutaya. Kunali kusungitsa.

"N'zoopsa?" anafunsa a Makisoni.

"Ayi amalume, si zamankhwala."

"Chabwino. Nanga alendo aja, akubwerabe Loweruka?"

"Ndikuuzani madzulo, amalume."

Ulendo wa ku Songani Elenala sanauone kutalika. Anapeza Brighton akukonza foni ya munthu, akuimba kanyimbo.

"Eee, kilombero wanga, bwanji osandiuza kuti ukubwera?"

Elenala anaika kabokosiko patebulo n'kuchotsa chivindikiro. Kanyimbo kanathera pomwepo.

"Madzi amchere, eti? Dzimbiri lokhalokha?"

"Elenala, ndikufotokozere."

"Fotokoza. Unandiyendetsa bwato, ine n'kumalira ngati chitsiru, iwe ukusankha mtengo woti udzaukumbukire. Mpunga wanga womwe n'kuusandutsa bulangete la Veronica. Ndi ndani mkazi ameneyu?"

Brighton anayang'ana kukhomo, anayang'ana pansi.

"Ndi mkazi wanga," anatero motsitsa mawu. "Tinamanga ukwati kutchalitchi. Ku Joni anapitira ntchito. Akubwera pa Khirisimasi. M'menemo muli vidiyo ya ukwati wathu, ilibenso kwina, ndipo akabwera aifunsa."

"Nanga ankhoswe a Loweruka?"

"Ndimati ndipeze anzanga awiri abwere, tigule nthawi. Akabwera Veronica ndimuuze bwinobwino kuti ndinapeza wina. Ndimakukonda, Elenala, chimenecho si bodza."

"Anzako awiri. Kwa amalume anga."

Elenala anamva manyazi oposa mkwiyo. Anaganiza za a Makisoni atavala jekete lawo la kutchalitchi, akulandira ndi manja awiri ankhoswe abodza, abale onse atakhala pamphasa. Iyeyo akanayenda bwanji padoko pambuyo pake?

Pansi pa tebulo panali hamala, yemwe uja ankati wabwereka mnzake. Elenala anamutola. Anatulutsa disiki ija mumpunga n'kuiika patebulo.

"Unandiphunzitsa wekha," anatero. "Ukafuna zitheretu, umaphwanya. Ndi imeneyi. Nena kuti ndiphwanye."

Mumtima mwake, ngakhale zinali zitafika pamenepa, ankapempherabe. Brighton akanangogwedeza mutu, mwina iye akanapeza kanjira komukhululukira. Chikondi chimapusitsa, abale.

Brighton anaimirira, manja ali m'mwamba, maso ake ali padisiki.

"Chonde Elenala, usaphwanye. Ndakugwira mwendo."

Elenala anamuyang'ana. Nkhope imene inali patsogolo pakeyo inali ndi mantha enieni, ndipo mantha amenewo sanali oti ataya Elenala. Anatsitsa hamala pang'onopang'ono n'kumuika patebulo.

"Loweruka musabwere. Amalume ndikawauza ndekha."

Anatembenuka. Pakhomo anachepetsa liwiro, misozi ikutsika, khutu lili kumbuyo. Ankadikira liwu limodzi lokha, lakuti usapite. Kunja minibasi zinkaitanira anthu a ku Zomba ndi ku Liwonde, koma m'shopumo munali zii.

Anacheuka. Brighton anali atawerama patebulo, disiki ili m'manja, akuipukuta fumbi la mpunga ndi malaya ake, kuyang'anitsitsa ngati inalowa madzi.