Tsiku Lomwe Ndaona Anakhomera Bambo Ake M'nyumba

Kunyumba kwa a Chisale ku Umoja, mumzinda wa Nairobi, chakudya sichinkadyedwa asanapemphere. Bambowo ankamasulira Chipangano Chakale kubungwe lina la mipingo, ndipo Chiheberi anachiphunzira kwa mphunzitsi wachiyuda. Mwana anali mmodzi yekha, Ndaona, ndipo sankamumana kanthu.

Chaka chomwe Ndaona analowa yunivesite ku Madaraka, bambo ake anadwala sitiroko. Mwendo unayamba kukwakwaza pansi, malovu n'kumatuluka okha. Kusukuluko Ndaona anagwirizana ndi Getrude, Mmalawi mnzake wa kubanja lopeza bwino, amene anamulawitsa mowa. Posakhalitsa ankafika pakhomo akununkha, ndipo bambo ake akamalankhula ankawadula pakamwa.

Tsiku lina Getrude anamuperekeza mpaka pageti, n'kuona bambowo akuwothera dzuwa. Atafunsa kuti ndi ndani, Ndaona anati ndi wodwala wa kumpingo amene akungomusunga. A Chisale anamva. Anangozyolika.

Getrude atapita, bambowo anamuitana Ndaona. "Mwanawe, Ayuda amaphunzitsa kuti kulemekeza kholo si mawu okoma ayi. Ndi kulidyetsa, kulimwetsa, kuliveka, kulowa nalo ndi kutuluka nalo. Ine sindikupempha zonsezo. Usandikane basi."

"Ndiye mukanabereka Myuda, ababa," anatero Ndaona.

Loweruka lotsatira mayi ake anakwera minibasi, ija kumeneko amati matatu, kupita ku Eastleigh kukaoda nsalu za pashopu yawo. Anamutsindikira kuti asachoke, awadyetse bambo ake ndi kuwamwetsa mankhwala masana. Koma Getrude anaimba foni, kumuseka kuti akutha utsikana wake ndi ntchito ya unesi pomwe anzake akunjoya. Ndaona anakhoma chitseko panja n'kuponya kiyi m'chikwama. Mumtima ankati abwerako msanga.

Ludzu litawakulira, a Chisale anayesa kupita okha kukhitchini. Anagwa n'kumenyetsa mutu pasimenti. Aneba anamva kubuula, koma chitseko chinali chokhoma, mawindo ali ndi zitsulo. Anaimbaimba foni ya Ndaona, iye ali pakati povina. Mmene ankathyola chitsekocho, magazi anali atauma kale pansi.

A Chisale moyo anapulumuka nawo, koma mawu anapita osabwereranso.

Kuchipatala mayi a Ndaona sanamukalipire mwana wawo. Anangomufunsa kuti, "Unawasiyira ngakhale madzi?"

Ndaona mowa anausiyira pomwepo, ndipo Getrude sanabwere n'komwe kudzazonda matenda. Masiku ano Ndaona amagwada pambali pa bedi m'mawa uliwonse kupempha chikhululukiro. Bambo ake amamuyang'anitsitsa, milomo n'kumagwedera, koma palibe chomveka. Sadziwa ngati akumukhululukira kapena akumufunsa chifukwa chake, ndipo palibe munthu angamuuze.

Iwe amene makolo ako akulankhulabe, alemekeze lero lomwe. Kulapa kumatheka, koma sikubweza chimene chaonongeka, ndipo pepani wochedwa akhoza kupeza womuyankha palibe.