Munthu Wogwira Laputopu

Mphunzitsi wa masamu anatulutsa galimoto yake m'galaja anansi onse atazimitsa kale magetsi. Mkazi wake anaima pakhomo atapinda manja. Masana omwewo mwamunayu anali atapirikitsa mlamu wake, mlongo wa mayiyu, ana akuona.

Galimotoyo inali yakalekale, ndipo anakhala zaka zitatu akuimasula ndi kuimanganso Loweruka lililonse. Chomaliza chinali kakompyuta kolamulira injini, kabokosi kamene kamauza injini kuchuluka kwa petulo woti imwe ndi nthawi yoti moto uthetheke. Mlamuyo, katswiri wa mawaya a galimoto, ndiye anakatsitsa pashelefu yake n'kukalumikiza yekha. Koma panali chodabwitsa. Mlamu akakhalamo, galimoto inkathamanga ngati yatsopano. Mphunzitsi akati ayese yekha kuponda moto, injini inkatsamwa n'kufooka. Tsono mphunzitsi wathuyu sankakhulupirira munthu, ngakhale sikelo ya kuchipatala ankaikayikira. Anawonkhetsa n'kupeza yankho lake: njiru basi. Mlamu akufuna kuti galimotoyo imutopetse, aisiye, iye aitole.

Kuchuna kabokosi kotere ndi ntchito ya anthu awiri. Wina amayendetsa, wina amakhala pambali ndi laputopu pamiyendo, kumasintha manambala injini ikulira. Mphunzitsi anati limenelo ndi bodza la amakaniko ofuna kudzikometsa. Anaika laputopu pampando wopanda munthuwo, anaitembenuzira kwa iye, n'kulowera msewu wotsikira ku mlatho umene usiku sudutsa magalimoto.

Diso limodzi kumsewu, lina kumanambala. Anaponda moto, injini inatsamwa. Anapondanso... chimodzimodzi. Kachitatu, ataweramira laputopu, tayala linachoka paphula n'kulowa m'miyala. Anaima, anatukwana mlamu wake mokweza, n'kutsika ndi tochi kukatsegula boneti.

“Simupezamo kanthu m'menemo, bambo.”

Tochi inatsala pang'ono kumupulumuka. Kumbuyo kwake kunaima munthu wovala ovololo, atanyamula sipanala yaitali. Pamiyala yonseyo, mapazi ake sanamveke. Kunalibe nyumba pafupi, kunalibe galimoto ina. Mbava, anatero mumtima mphunzitsi. Kapena watumidwa ndi mlamu kuti adzandiseke.

“Pamene ikutsamwira ndi pa 3000,” anatero munthuyo. “Yendetsani inu, ine ndigwire.”

Nambalayo, ya liwiro la kuzungulira kwa injini, inali yeniyeni. Waidziwa bwanji? Mantha anamuuza kuti atseke zitseko athawe, koma mkwiyo unamuuza zina. Ngati munthuyu amadziwa injini, ndiye mboni yapezeka, yokanena pamaso pa mkazi wake kuti mlongo wake ndi wanjiru. Anabisa chitsulo cha jeke pansi pa ntchafu n'kumutsegulira chitseko.

Munthuyo anakhala, anamanga lamba, anaika laputopu pamiyendo. Kenako anachita zimene mphunzitsi anali asanaonepo. Analuma sipanala ija kumapeto, mbali inayo n'kuitsamiritsa padashibodi, kuti azimva kugogoda kwa injini ndi mano. M'galimotomo munazizira. Mphunzitsi anakweza mawindo, koma kuzizirako kunali kuchokera pambali pake.

Anaponda moto. 2000... 3000... Injini sinatsamwe! Inalira bwino, mawu osalala amene anawadikira zaka zitatu. Zala za mlendoyo zinkathamanga pamabatani, koma sizinkamveka. Akusintha chiyani? Akufufuta ntchito yanga? Mphunzitsi anapendeketsa mutu kuti asuzumire.

“Msewu,” anatero munthuyo, sipanala ili m'kamwa.

Anabweza maso. Msewu unayamba kutsetsereka. Fungo la madzi. Anayesanso kuba ndi diso.

“Msewu, bambo. Manambala si anu.”

Kona. Zitsulo za mlatho. Mdima... ndipo mumdimamo, mdima wina wokulirapo.

“Msewu!”

Lole! Yofa, yopanda nyali, pakati penipeni pa mlatho. Anaponda mabuleki ndi mphamvu zake zonse. Matayala analira. Galimoto inagwedezeka, inaserereka, n'kuima. Pakati pa boneti ndi loleyo sipakanadutsa ngakhale mwana.

Anapuma kaye, kenako anatembenuka kuti alankhule. Pampando panalibe munthu. Chitseko chinali chotseka, lamba ali chimangire. Laputopu inali pampandopo, itatsekedwa bwinobwino.

Anabwerera chafutambuyo mpaka pamene anatha kutembenuka. Pokwera chitunda anayesa kuponda moto, injini inatsamwanso ngati kale. Apa mantha anasandukanso mkwiyo, chifukwa munthu wokayika salola kuopa chinthu chimene sanachiwerengere. Sanapite kwake. Analunjika kwa mlamu wake n'kumenya geti mpaka agalu a mzere wonsewo anadzuka.

Mlamu anatuluka atavala malaya motembenuza.

“Alamu, kwagwanji? Mlongo wanga ali bwino?”

“Musandinamize. Mwaichita chiyani galimoto yanga? Nanga munthu munamutuma uja ndi ndani?”

Mlamu anayang'ana galimoto, anayang'ana laputopu pampando, n'kupukusa mutu.

“Ndiye mwapitadi nokha. Chabwino, ndikuuzani. Pansi pa mpandowo ndinaikapo swichi. Popanda munthu wokhalapo, kabokosi kamadula petulo mukafika pa 3000. Ndimati tikamaliza kuchuna ndiichotse. Ndinadziwa kuti simungandimvere, muzidzayendetsa maso ali palaputopu.”

“Ndinanena ine! Koma swichi yanuyo yagona, chifukwa lero yathamanga mpaka ku mlatho.”

“Sizingatheke, alamu. Laputopu singaitsindike swichi imeneyo. Pamafunika thupi la munthu wamkulu.”

“Munthu analipo! Mnzanu uja wa ovololo, woluma sipanala ngati galu ndi fupa.”

Mlamu anagwira geti. Anatsika pang'onopang'ono mpaka kukhala pansi, pafumbi, bambo wamkulu wa ana anayi. Mphunzitsi anadikira kuti aone bodza pankhope yake, koma kwa nthawi yoyamba sanalipeze.

“Woluma sipanala ndinkadziwa mmodzi yekha,” anatero mlamuyo. “Tinkagwira ntchito galaja imodzi. Kabokosi kali m'galimoto mwanumu kanali kake, ndinakachotsa ndekha m'zitsulo za galimoto yake zimene anazivuula pansi pa mlatho uja. Patha zaka zisanu ndi chimodzi tsopano chimwalirire pa ngoziyo.”

Mlamuyo anayang'ana mpando wopanda munthu uja n'kupitiriza.

“Usiku umenewo anabwera pageti pomwe mwaimapo, kudzandipempha kuti ndikamugwirire laputopu. Ndinamuuza kuti ndatopa.”