Mlendo Wokana Tiyi

Mwana iwe, sendera kuno. Ndili ndi ndagi.

Mlendo wanga wachokera kutali.
Chikwama alibe. Nsapato alibe.
Basi sanakwere. Bwato sanakwere.
Koma wafika ku Salima.
Ndani ameneyu?

Wakanika? Usakande mutu. Timufunse Esha.

Esha ndi mwana wa mchimwene wanga. Ine ndine azakhali ake. Timakhala kunyanja, kufupi ndi Senga Bay.

Esha amakonda mbalame. Nkhwazi amaidziwa. Kakowa amamudziwa.

Tsiku lina m'mawa, Esha anapita kukatsuka mbale. Pamchenga anapeza mbalame yachilendo. Pamimba inali mbee! Pamsana inali bii! Miyendo inali yachikasu. Pamlomo panali kadontho kofiira, ngati yaba tomato.

Mbalameyo sinathawe. Mapiko ake anali lende. Maso ake anali otopa.

Esha anaifunda chitenje. Anainyamula pang'onopang'ono. Anakaiika pamthunzi wa bwato lakale la bambo ake.

"Azakhali, taonani! Ndapeza mlendo."

Ine ndinaigwira pachifuwa. Linali fupa lokhalokha.

"Mlendo wakoyu ali ndi njala," ndinatero. "Akapanda kudya lero, mawa sadzuka."

Esha anathamangira kunyumba. Anabweretsa mpunga wa ku Lifuwu.

"Idyani, mlendo."

Mbalame inayang'ana mpunga. Inayang'ana Esha. Kenako inayang'ana kunyanja.

Esha anabweretsa gaga wa nkhuku.

"Idyani, mlendo."

Mbalame inayang'ana gaga. Inayang'ana Esha. Kenako inayang'ana kunyanja.

Pomwepo anatulukira a Binali. A Binali ndi amalume ake a Esha. Amagwira ntchito pa loji. Amaperekera alendo chakudya. Amavala malaya oyera ndi chipewa chachikulu cha mlaza. Akamayenda, mimba imatsogola.

"Salamu aleikumu!"

"Aleikumu salamu, alamu," ndinayankha.

A Binali anasuzumira pansi pa bwato.

"Aa! Iyi ndikuidziwa ine. Mlendo wina wa pa loji anandionetsa chithunzi chake. Imachokera kumpoto."

"Ku Karonga, amalume?"

"Karonga ndi pakhomo pompano! Kumpoto kwenikweni. Kuli nyanja yamchere. Kuli nyanja yozizira. Kukazizira kwambiri, mbalameyi imathawira kuno."

"Nanga imadya chiyani? Usipa?"

A Binali anagwira mphuno.

"Usipa? Walahi, mwana iwe! Mlendo wakunja adye usipa? Ine ndemwe usipa ndinasiya kalekale. Fungo lake limandipweteketsa mutu."

"Kuyambira liti, alamu?" ndinafunsa.

"Inu khalani chete. Alendo ndimawadziwa ndine. M'mawa amamwa tiyi."

A Binali anapita. A Binali anabwera. Ananyamula tiyi wamkaka pa thireyi. Pamkono anakoleka kansalu koyera. Anawerama pamaso pa mbalame.

"Gudu moning'i, madamu."

Mbalame inayang'ana tiyi. Inayang'ana a Binali. Kenako inayang'ana kunyanja.

"Shuga wachepa," anatero a Binali.

Anapitanso. Anabweranso. Ananyamula saladi, masamba aawisi aja alendo amatafuna ngati mbuzi. Pambali anaika foloko.

Mbalame inatsinzina.

"Yamva kutentha," anatero a Binali. "Kwawo ndi kozizira. Ndikatenge ayezi."

Anapitanso.

Dzuwa linafika pamutu. Mchenga unatentha. Nyanja inali zii. Mutu wa mbalame unayamba kugwa.

Esha anagona pambali pake.

"Mlendo, ndiuzeni. Kwanu mumadya chiyani?"

Mbalame inatsegula diso limodzi. M'disomo munali kanyanja. Kanyanjako kanakula. Kanakula. Kanakula. Esha anagweramo.

Phuu! Mphepo!

Inali yozizira kuposa mwera wa mu Julaye. Esha anali pamsana pa mlendo. Mlendo anali wamphamvu. Mapiko ake anali tambalale.

Pansi panali nyanja yobiriwira. Ayezi amayandama ngati mabwato oyera. Kutsogolo kunali thanthwe lalitali. Pathanthwepo panadzaza mbalame. Phokoso lake ngati pa depoti ya ku Salima.

Usandifunse ine ngati kulidi choncho. Ine kutali kwanga ndi ku Lilongwe.

"Yang'ana," anatero mlendo. "Ino ndi nthawi ya chakudya."

Mbalame ina inakwera m'mwamba. Inapinda mapiko. Inagwa ngati mkondo. Chubwi! Inatuluka ndi kansomba.

Mbalame ina inamira. Imauluka pansi pa madzi. Inatuluka ndi kansomba.

Ina inali ndi mlomo wofiira, waukulu. Inandandalika tinsomba pamlomo, ngati zovala pachingwe.

Ina inali yakuba. Inathamangitsa inzake. Inzakeyo inataya nsomba. Yakuba ija inawakha nsombayo m'malere.

"Tili nawo ngakhale kwathu oterowo," anatero Esha.

Mlendo anaseka. "Kya kya kya!"

Anatera pachilumba. Panali kamwana ka mbalame, ka nthenga ngati thonje. Kanajompha kadontho kofiira pamlomo pa amake. Jo! Jo! Amake anakalavulira nsomba. Kamwana kanameza.

"Kani kadontho kaja ndi kogogodapo!" anatero Esha.

Kenako madzi anayamba kung'anima. Anang'anima ngati siliva. Tinali tinsomba tambirimbiri. Mlendo anatsika. Anatola kamodzi pamwamba pa madzi. Anakatembenuza. Anameza, mutu patsogolo.

Panalibe tiyi. Panalibe foloko. Panalibe moto.

Esha anayang'anitsitsa. Kansomba kakang'ono. Kansomba kowala. Kansomba kakawisi.

"Koma uyu ndi usipa!"

"Kwathu uli ndi dzina lina," anatero mlendo. "Koma mimba siifunsa dzina."

Esha anadzidzimuka. Anali pansi pa bwato. Mbalame inali pomwepo. Imapuma pang'onopang'ono.

"Azakhali! Usipa wauwisi!"

Esha anathamangira kudooko. Pamathandala panali usipa woyanika. Wonse unali wouma gwa. Anathamangira kwa mayi Layla, ogulitsa nsomba.

"Mayi, wauwisi ulipo?"

"Watha, mwanangu. Mabwato anabwera m'mawa."

"Ngakhale pang'ono?"

"Wotsala ndagulitsa posachedwapa. Agula bambo ena a chipewa chachikulu. Amayang'ana uku ndi uku ngati akuba nkhuku."

Esha anabwerera. Misozi inali lengelenge.

Pabwato anapeza a Binali. Anali ndi ayezi m'kapu. Theka linali litasungunuka.

"Imwani, madamu. Ndi wa kwanu ameneyu."

Mbalame sinayang'ane kapu. Sinayang'anenso kunyanja. Inayang'ana chipewa cha a Binali.

Esha nayenso anayang'ana chipewa. Chinali chitatukuka. Kuseri kwa khutu kumatsika timadzi. Do. Do. Do.

"Alamu, mukudontha," ndinatero.

"Ndi thukuta."

"Nanga ntchentchezi?"

"Zimakonda mafuta anga onunkhira."

"Nanga mphaka akukutsatiraniyu?"

"Ndi mnzanga."

Esha anandiyang'ana. Ine ndinamutsinzinira diso.

"Amalume," anatero Esha, "mwina mlendo wakwiya. Simunamuweramire bwino."

"Ine? Pa loji yonse palibe wodziwa kuwerama ngati ine. Taona!"

A Binali anawerama.

"Pang'ononso, amalume."

A Binali anaweramanso.

"Pang'ono pokha."

Chipewa chinafika pamlomo pa mbalame. Pansi pa chipewa panasuzumira kamchira kowala.

Jo!

Mbalame inakoka. Chipewa chinagwa. Jumbo yomwe anabisa m'chipewamo inang'ambika. Usipa wauwisi unangoti mbwee, pamapewa, pamalaya oyera, pamchenga!

Mbalame inatola kamodzi. Inakatembenuza. Inameza, mutu patsogolo.

Inatola kena. Inameza. Inatola kena. Inameza.

"Akudya! Azakhali, mlendo akudya!"

Esha anatola usipa m'manja. Mbalame inadya m'manja mwake. Inadya, inadya. Kenako inaimirira. Inagwedeza nthenga. Inatambasula mapiko, monga m'maloto muja.

"Alihamudulila," anatero amayi ake a Esha. Anali atatuluka m'nyumba. Bambo ake nawonso anasiya kusoka ukonde.

Tonse tinatembenukira kwa a Binali. Kausipa kamodzi kanali kadakali pakhutu.

"Achimwene," anatero amayi a Esha, "suja usipa umakupweteketsani mutu?"

"Ndiye chifukwa chake amauika pamutu pomwepo," ndinatero. "Ndi mankhwala."

A Binali anatsokomola. Anakonza kolala.

"Inu simukudziwa kanthu. Ndinagulira mlendo. Ndinadziwa kale ine kuti amadya usipa."

Esha anatola chipewa kuti awapatse. M'chipewamo munagubuduka tomato. Munagubuduka anyezi. Munagwanso tsabola wa kambuzi.

"Amalume, kodi mlendo amadyanso kambuzi?"

Amayi anaseka mpaka kukhala pansi. Bambo anaseka mpaka kugwira bwato. Ine ndinaseka mpaka mpango unamasuka.

A Binali anawerama kuti atole kambuzi wawo.

Mlendo anasendera pafupi. Anatola kausipa ka pakhutu kaja. Anameza. Anakweza mutu kumwamba.

"Kya kya kya kya!"